Chaka cha m'munda wa mpesa ku Western Cape: ntchito iti, nthawi iti, ndipo zimalakwika pati

Funso: Ndapeza ntchito pafamu ya mphesa za vinyo kufupi ndi Paarl ku South Africa. Kwathu ndinkalima chimanga ndi fodya, mpesa sindinaugwirepo. Ndafika mu Meyi, masamba akuyoyoka ndipo munda ukuoneka ngati wauma. Akapitawo amangotiuza chochita osafotokoza chifukwa chake. Kodi chaka cha mpesa chimayenda bwanji, ndipo ndi pati pamene munthu angawononge zinthu?

Yankho: Munda umenewo sunaume ayi achimwene, wangogona. Ku Western Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo miyezi imene kumudzi chimanga chimakhala chikumwa mvula, kumeneko kumakhala ng'amba. Ndiye kalendala imene muli nayo m'mutu muyambe mwaiika pambali. Kusiyana kwina, kumene ndi kwakukulu koposa, n'kwakuti chimanga chimamaliza nkhani yake yonse m'nyengo imodzi pamene mpesa umasenza za chaka chino kupita nazo chaka chamawa. Matsango amene mudzathyole mu Febuluwale akubwerayu alipo kale: anayamba kuumbika m'kati mwa maso a nthambi cha mu Okutobala mpaka Disembala wapitayu, ali tinthu tosaoneka ndi maso. Ndipo chakudya chimene mphukira zidzayambire kukula mu Seputembala chinasungidwa m'mizu ndi m'tsinde m'masabata apitawa, mphesa zitathyoledwa kale. Mukagwira mfundo imeneyi, malamulo ambiri a akapitawo ayamba kumveka okha.

Tauyang'anani mpesa umodzi. Pafupi ndi nthaka pali chotupa pamene anamezanitsa mitengo iwiri. Ya pansi ndi mizu ya mpesa wochokera ku mitundu ya ku America, monga Richter 99, Richter 110 kapena Ramsey, chifukwa kachilombo kodya mizu kotchedwa phylloxera kanafika ku Cape mu 1886 n'kuwononga minda, ndipo mizu ya ku America imakapirira. Pamwamba ndiye pali mtundu wobereka mphesa za vinyo: Chenin blanc, umene ndi wodzalidwa kwambiri m'dzikomo, Chardonnay, Shiraz, Cabernet Sauvignon, kapena Pinotage, umene anaupanga ndi Abraham Perold wa ku Stellenbosch pokwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut. Mphukira iliyonse yotuluka m'munsi mwa chotupacho ndi ya mizu, sidzabereka mphesa zofunika, ichotseni. Tsinde limakwera n'kugawikana mikono iwiri yogona pawaya, ndipo pamikonoyo pali tiziputu tifupitifupi. Minda ina ilibe waya, mpesa umaima wokha ngati chitsamba. Umenewo pa Chiafrikaans, chilankhulo cha m'mafamu akumeneko, amati bosstok.

Ntchito yoyamba imene mukumane nayo ndi kudulira, kumene pafamu mumve akuti snoei. Imeneyi ndiyo ntchito yofuna luso kuposa zonse, ndipo wodulira bwino sasowa ntchito m'dera limenelo. Mafamu ambiri amaigawa pawiri. Mu Juni ndi Julayi amachita skoonsnoei, kuchotsa nthambi zonse zosafunika n'kusiya zosankhidwazo zili zazitali. Kumapeto kwa Julayi ndi mu Ogasiti amachita stompsnoei, kufupikitsa zosankhidwa zija. Lamulo lake ndi limodzi: mpesa umabereka pamphukira zotuluka panthambi ya chaka chimodzi, ndiye kuti imene inamera chaka chathachi. Nthambi yakale kuposa pamenepo ndi chimango chabe.

Pachiputu chilichonse mupeza nthambi ziwiri zimene zinatuluka pamaso awiri amene anasiyidwa chaka chatha. Ya pamwamba ichotseni pamodzi ndi kamtengo kakale kamene yakhalapo. Ya pansi, yoyandikana ndi mkono, idulireni kuti itsale ndi maso awiri, osawerengera kadiso kakang'ono ka pansi penipeni, ndipo mudule masentimita 2 pamwamba pa diso lachiwiri kuti lisaume. Mukasiya ya pamwamba chifukwa ikuoneka yonenepa, chiputu chimakwera chaka ndi chaka mpaka kukhala nyanga yaitali, mphesa n'kumaberekera m'kati mwa masamba. Nthambi yabwino ndi yonenepa ngati pensulo, yofiirira, yolimba, ndipo mukaidula m'kati mumaoneka mobiriwira. Ziputu zitalikirane ngati kukula kwa chikhatho, masentimita 12 mpaka 15. Mpesa wotalikirana ndi unzake mita 1.2 mpaka 1.4 umatsala ndi ziputu 8 kapena 10, ndiye maso 16 mpaka 20. Mudzadabwa kuona kuti pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a zonse zimene zinamera chaka chatha zagwa pansi. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Chimene anthu atsopano amalakwitsa kwambiri ndi chifundo. Amaona mpesa wofooka n'kuusiyira maso ambiri kuti mwina uchira. Zimakhala zosemphana: mphamvu zochepa zija zimagawikana m'mphukira zambiri, zonse zimakhala zazifupi, matsango sapsa, ndipo chaka chinacho umafookeratu. Wofooka uchepetsereni maso. Wamphamvu kwambiri, umene nthambi zake n'zonenepa ngati chala chachikulu, ndiye wofunika maso okwanira, apo ayi umatulutsa nkhalango ya masamba. Choncho musadulire mipesa yonse mofanana ngati mukumeta kapinga. Imani kaye pa uliwonse, muone mmene unakulira chaka chatha.

Mvula ikamagwa, kudulira kuime. Bala la sizasi ndi khomo la matenda a tsinde, makamaka amene amatchedwa tandpyn, amene mbewu zake zimauluka kukagwa mvula. Choipa chake n'chakuti saonekera chaka chomwecho. Papita zaka zingapo ndi pamene mumaona mkono umodzi ukutulutsa timphukira topinimbira ta timasamba tachikasu, ndipo mukaudula mumapeza mbali ina ya mtengo yafa, yofiirira, yooneka ngati mutu wa nkhwangwa. Mabala aakulu, makamaka odulidwa ndi sowo, apakidwe mankhwala otsekera tsiku lomwelo. Sizasi ikhale yakuthwa. Yobuntha imaphwanya nthambi m'malo modula. Nthawi yodulira imasunthanso nthawi yophukira: kudulira msanga kumafulumizitsa, kuchedwa kumachedwetsa, n'chifukwa chake malo otsika amene chisanu chimakonda amawasiya kuti akhale omaliza.

Ntchito zina za m'nyengo yozizira n'zosavuta kumva: kusintha mitengo yoola, kukunga mawaya, kutsuka mapaipi othirira. Pakati pa mizere muona mbewu zonga tirigu zotchedwa oats ndi triticale, kapena lupini wa m'gulu la nyemba, zimene anafesa cha mu Epulo. Musaziyese udzu woiwalika, zimagwira nthaka kuti mvula isakokolole ndipo amazigwetsa mpesa usanaphukire kuti zisalimbirane nawo madzi. Mipesa yatsopano amadzala kumapeto kwa nyengo yozizira, ndipo zokolola zoyamba zimabwera chaka chachitatu.

Nthaka ikayamba kufunda, mabala odulira aja amadontha madzi. Musachite nazo mantha, ndi mizu yadzuka. Kutentha kwa tsiku kukamapitirira madigiri 10, maso amatupa, amatuluka ubweya, kenako kansonga kobiriwira. Pafamu amati bot. Chardonnay ndi Pinotage zimayamba kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, Cabernet Sauvignon amachedwa ndi masabata angapo. Nyengo yozizira ikakhala yofunda, maso amaphukira mosiyanasiyana, ena lero ena patapita masabata awiri, ndipo kusiyana kumeneko kumatsatira mpaka pokolola: tsango lina lapsa, linzake likadali lowawasa. Masiku amenewa yang'anirani nkhono ndi tizilombo tolimba tonga anankafumbwe totchedwa kalander, timene timakwera tsinde usiku kukadya timasamba tanthete.

Mphukira zikafika masentimita 10 mpaka 20 imayamba suier. Poti munalimapo fodya, imeneyi simuvutika nayo: ndi kuthyola mphukira zosafunika ndi zala zikadali zanthete. Pachiputu chilichonse musiye ziwiri zochokera pamaso amene munasiya aja. Zotuluka patsinde, pansi pa mkono, ndi zapakati pa ziputu zichoke. Pali imodzi yokha yoyenera kuikhululukira: mphukira yotuluka pansi pa chiputu chimene chakwera kwambiri, kapena pamalo pamene chiputu chinafa, chifukwa imeneyo ndiyo mudzadulire chaka chamawa kukhala chiputu chatsopano. Mukachedwa nayo ntchito imeneyi mphukira zimalimba, pothyola zimang'amba khungwa, ndipo zimakhala zitadya kale chakudya cha m'nkhokwe. Zotsalazo zimakula mofulumira kwambiri mu Okutobala, masentimita angapo patsiku kukafunda, ndiye muzizilowetsa pakati pa mawaya awiriawiri kuti ziime chilili, osapingasana. Mphepo ya kumwera chakum'mawa, imene amaitcha Cape Doctor, imaomba mwamphamvu nyengo imeneyi, ndipo mphukira yosagwiridwa ndi waya imathyokera pachiputu pomwe, matsango ake onse n'kutayika. Zikapitirira waya wa pamwamba ndi masentimita 30 amazidula nsonga. Mphukira imodzi yokhala ndi matsango awiri imafuna masamba pafupifupi 15 owombedwa dzuwa kuti iwapsetse.

Apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike, chifukwa ntchito ya suier ambiri amaitenga ngati yongokongoletsa munda. Maluwa amatuluka kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala. Si maluwa oti mungawaone muli patali: ndi timipira tobiriwira tokhala ndi kachipewa kamene kamagwa, ndipo duwa lililonse limadzipatsa lokha mungu popanda njuchi. Amakonda kutentha kwa madigiri 20 mpaka 30. Kukazizira kutsika madigiri 15, kapena kukagwa mvula, kapena mphepo ikakula, maluwa ambiri amayoyoka, matsango amakhala a magweru, kapena mphesa zina zimatsala zazing'ono zopanda njere. Ngakhale chaka chabwino, si maluwa onse amagwira. Theka kapena kuposa pamenepo amagwa. Koma m'masabata omwewo, pamene tsamba lililonse lalumikizana ndi mphukira, diso la chaka chamawa likusankha ngati lidzakhale ndi matsango kapena tingowe tokwerera pawaya basi. Chimene chimalisankhitsa ndi kuwala ndi kufunda. Maso amene mudzasiye podulira ndi apansi penipeni pa mphukira, malo amene mthunzi umakonda. Mukasiya mphukira zambiri zothithikana mu Okutobala uno, mwachepetsa zokolola za chaka chinacho, ndipo pofika nthawi imeneyo palibe adzakumbuke kuti vuto linayambira pati.

Kuthithikana komweko kumaitana matenda. Aakulu ndi awiri, ndipo anthu amawasokoneza. Witroes amaoneka ngati phulusa loyera pamasamba ndi pamphesa, safuna mvula, amakonda mthunzi ndi nyengo yofunda. Akagwira mphesa zikadali zazing'ono khungu lake limauma, ndiye zikamakula zimang'ambika njere n'kuonekera. Mankhwala ake odziwika ndi salufa, koma salufa amawotcha masamba kutentha kukapitirira madigiri 30, choncho amapopera m'mawa kapena madzulo. Donsskimmel ndi wa mvula. Alimi amayendera lamulo la 10:10:24, ndiye kuti mvula ya mamilimita 10, kutentha kosatsika madigiri 10, ndi chinyezi chosauma kwa maola 24. Zikakumana zimenezi, patapita sabata imodzi kapena iwiri pamwamba pa masamba pamaoneka madontho achikasu ngati padonthera mafuta, kunsi kwake kuli ubweya woyera. Akagwira nthawi ya maluwa amaumitsa tsango lonse. Mankhwala a kopa amateteza, koma ayenera kukhala ali kale patsamba mvula isanagwe. N'chifukwa chake muona thirakitala ikupopera masiku 10 mpaka 14 alionse m'munda wooneka wathanzi: masamba atsopano amene atuluka chipopereni alibe chitetezo. Inuyo mukakhala m'gulu lopopera, valani magolovesi, ovolosi ndi chotchinga kumphuno ngakhale kutenthe bwanji, ndipo musalowe mumzere wongopoperedwa kumene nthawi yolembedwa pachigubu isanakwane.

Pali tizilombo tina toyera tofanana ndi kodikodi wa chinangwa, timene amati witluis. Timabisala pansi pa khungwa, timatulutsa timadzi totsekemera timene timadetsa matsango, ndipo choopsa kwambiri, timafalitsa matenda opinda masamba otchedwa rolblaar. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika patsinde, dziwani kuti tilipo, chifukwa nyerere zimatiweta n'kumatiteteza kwa adani ake. Auzeni akapitawo nambala ya mzere.

Za madzi mudzaona zodabwitsa. Mu Disembala dzuwa likuswa mtengo, mwini munda amatha kuchepetsa kuthirira, makamaka pamitundu ya vinyo wofiira. Si umbombo. Mphesa zikangogwira mpaka kuyamba kusintha mtundu, ludzu lapang'ono limaimitsa mphukira kukula ndipo limasunga mphesa kukhala zazing'ono, za khungu lochuluka poyerekeza ndi madzi, ndipo mtundu ndi kakomedwe ka vinyo wofiira zimachokera m'khungu. Koma ludzu likapyola, masamba apansi amachita chikasu n'kugwa, tingowe timauma, shuga amaima. Feteleza wa nayitrojeni wochuluka amachita zomwe madzi ochuluka amachita: masamba ambiri, mthunzi, kuola. Madera amasiyananso. Mapiri a Stellenbosch ndi Paarl ali ndi minda ina yosathirira n'komwe, pamene ku Robertson, kumene mvula ndi yochepa, popanda madzi a mtsinje wa Breede palibe ulimi.

Kumapeto kwa Disembala ndi mu Januwale mphesa zimafewa n'kusintha mtundu, zofiira zimada, zoyera zimayamba kuwala mwachikasu. Amati deurslaan. Kuchokera pamenepa shuga amakwera, asidi amatsika, ndipo kwatsala masabata 6 mpaka 8 kuti zithyoledwe. Nthawi imeneyi angakutumeni kukagwetsa pansi matsango abwinobwino. Zimapweteka mtima kwa munthu wozolowera kuti chokolola sichitayidwa, koma gwetsani amene atsalira obiriwira anzake atada, ndi amene ali pamphukira zazifupi zosakwana theka la mita, chifukwa sadzapsa pamodzi ndi anzake ndipo adzawawasitsa vinyo. Pothyola masamba ozungulira matsango kuti mphepo idutse, thyolani mbali imene dzuwa la m'mawa limaomba, mbali ya dzuwa la masana muisiye. Ndipo ntchito imeneyi imayenera kuchitika kale mphesa zili ngati nsawawa, kuti khungu lizolowere. Tsango limene lakulira mumthunzi mukalivundukula mu Januwale, tsiku limodzi la madigiri 38 limalipsereza, mphesa zimachita zofiirira n'kufota, ndipo sizibwereranso.

Tsiku lokolola salisankha poyang'ana kalendala. Amayenda m'mizere kutola mphesa 100 kapena 200, mbali zonse ziwiri, pamwamba ndi pansi pa matsango, n'kuzifinya. Shuga amamuyeza m'madigiri a Balling. Mphesa za vinyo wa thovu wotchedwa Cap Classique amathyola mu Januwale zili pa 18 mpaka 20, zikadali ndi asidi wambiri. Zoyera zina, monga Sauvignon blanc ndi Chenin blanc, zimatsatira cha pa 21 mpaka 23, Pinotage mu Febuluwale, Shiraz ndi Cabernet Sauvignon kumapeto kwa Febuluwale ndi mu Malichi pa 24 kapena 25. Mphamvu ya mowa mu vinyo imakhala yopitirira pang'ono theka la nambala imeneyi, choncho 24 amapereka pafupifupi 14 peresenti. Wopanga vinyo amalawanso: amatafuna khungu, amayang'ana ngati njere zasanduka zofiirira. Akakutumani kukatola zoyezera, musatole zokongola zokha za kunja, chifukwa mudzanamiza nambala ndipo munda wonse udzathyoledwa usanapse.

Kukolola amati pars. Mumayamba kukadali mbandakucha popeza mphesa zotentha zimayamba kusasa zisanafike kofinyira, ndipo mafamu a makina amakolola usiku. Gwirani tsango kunsi, osati pafupi ndi kamtengo kake, chifukwa zala zambiri zimadulidwa ndi sizasi pofufuza m'masamba. Kreti imalowa makilogalamu pafupifupi 20. Musaidzaze mpaka pamwamba, chifukwa posanjikiza, ya pamwamba imaphwanya za pansi ndipo madzi otuluka amaitana tizilombo. Masamba asalowe. Tsango la nkhungu yotuwa, imene amati vaalvrot, kapena lonunkha ngati viniga, lichotseni mbali yoolayo kapena litayeni. Mvula ya mu Febuluwale imachititsa zimenezi, makamaka pa Chenin blanc amene mphesa zake n'zopanikizana. Ndikudziwa kuti kumene amalipira pakreti mtima umafuna liwiro, koma katundu wobwezedwa pachipata amapweteka gulu lonse. Tani imodzi imatulutsa malita pafupifupi 700 a vinyo.

Matsango akachoka, ambiri amaganiza kuti chaka chatha. Kwa mpesa ayi. Masamba akadali obiriwira kwa masabata 6 kapena kuposa, ndipo shuga yense amene akupanga tsopano akupita m'mizu ndi m'tsinde. Mizu yatsopano imameranso nyengo imeneyi. N'chifukwa chake amathirira mokwanira akangokolola, amathira gawo la feteleza wa chaka, ndipo nthawi zina amapoperanso kuti donsskimmel asagwetse masamba msanga. Munda umene wataya masamba mu Malichi umadzaphukira mofooka mu Seputembala. Mu Epulo ndi Meyi ndi pamenenso rolblaar amaonekera bwino pamitundu yofiira: masamba amafiira, mitsempha yake n'kutsala yobiriwira, m'mphepete mopindikira kunsi. Alibe mankhwala. Mpesa wotere amaumanga chizindikiro, n'kudzauzula ndi mizu yomwe kuti witluis asatengere matendawo kwa oyandikana nawo.

Inu mwafika nthawi imeneyi. Kudulira kusanayambe, yendani mumzere umodzi mukapeza mpata, muziyang'ana nthambi. Zofiirira mpaka kunsonga ndi za mpesa umene unasunga chakudya chokwanira; zotsala zobiriwira kapena zouma kunsonga ndi za umene unasenza katundu wopitirira kapena unasowa madzi. Pachiputu chilichonse lozani ndi chala nthambi imene mungasiye ndi imene mungachotse, kenako tsiku loyamba la snoei mukaime pafupi ndi wodulira wakale, muone ngati sizasi yake ikudutsa pamene munaloza.